Mwaitanidwa Kukadya ku Hotela Yapamwamba: Muvale Chiyani?

Masiku ano si zachilendo kuti munthu wamba aitanidwe kukadya chakudya chamadzulo ku hotela yapamwamba. Mwana amene munamuphunzitsa movutikira wayamba ntchito, ndipo akufuna akakuthokozeni pa tsiku lokumbukira ukwati wanu. Kuntchito akonza mwambo wotsanzikana ndi mkulu amene akupuma. Bungwe limene mumagwira nalo ntchito zachitukuko likutseka msonkhano wake ndi phwando. Mwinanso mabanja awiri akufuna kudziwana chinkhoswe cha ana awo chisanachitike. Uthenga ukangofika, mtima umasangalala. Koma sipapita nthawi, funso limabwera: kodi ndikavala chiyani?

Ife amene timayenda m'makomo ndi uthenga wa zaumoyo timalimva funsoli kawirikawiri, ndipo taona kuti si laling'ono monga limamvekera. Alipo amene amakana kupita, n'kunamizira chimfine, pamene vuto lenileni ndi manyazi a zovala. Mwana amene anawaitana uja amatsala wokhumudwa, osadziwa chimene chalakwika. Alipo amene amathamangira katapila kuti agule suti kapena diresi lovala usiku umodzi, ndipo banja limadya ndiwo zopanda mafuta miyezi iwiri pobweza ngongoleyo. Enanso amapita ndithu, koma atavala nsapato zothina ndi lamba womanga mimba, moti usiku wonse maganizo amangokhala pa ululu, osamva n'komwe zimene anzawo akukamba.

Mfundo yathu m'nkhaniyi ndi imodzi. Chovala choyenera pa chakudya chotere ndi chimene mukachivala n'kukhala pansi, simuchiganiziranso. Sichikuthinani, sichikuchititsani manyazi, sichikukumbutsani ngongole, ndipo sichikunyozetsa amene wakuitanani. Chovala chotere nthawi zambiri chimakhala chili kale m'nyumba mwanu.

Yambani ndi kufunsa

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Musanatsegule sutikesi kapena kupita kumsika, funsani amene wakuitananiyo mafunso anayi. Tikadyera kuti? Nthawi yanji? Mwambo wake ndi wotani, ndipo kudzakhala ndani? Kodi pali kavalidwe kamene mwakonza?

Kufunsa sikuonetsa umbuli. Woitana wanzeru amakondwa, chifukwa iyenso safuna kuti mlendo wake akaoneke wosiyana ndi anzake. Ngati iye sakudziwa bwino, imbani foni kuhotelako. Olandira alendo amayankha funso limeneli tsiku ndi tsiku, ndipo sadzakufunsani dzina. Mungathenso kupempha wachinyamata wa m'nyumba mwanu kuti akuonetseni zithunzi za malowo pa Facebook kapena pa intaneti. Mukaona matebulo oyalidwa nsalu zoyera, matambula angapo pa malo a munthu mmodzi, ndi operekera zakudya ovala yunifolomu, dziwani kuti kumeneko n'kofunika kuvala modzilemekeza.

Funso la mwambo ndilo lalikulu pa onse. Malo ake akhoza kukhala amodzi, koma chakudya cha kuntchito chimasiyana ndi cha pabanja. Pamene pali mabwana ndi alendo a kampani, valani monga mmene mungavalire pokafunsira ntchito. Pamene ana akuthokoza makolo, pali ufulu wovala mitundu yowala. Pamene mwambo uli wa munthu wina, monga mkwatibwi kapena wolandira mphoto, musavale chopikisana naye. Tsikulo ndi lake.

Mawu olembedwa pa khadi

Makhadi ambiri oitanira anthu amalembedwa m'Chingerezi, ndipo m'munsi mwake mumakhala mawu awiri kapena atatu onena za kavalidwe. Mawuwa ndi amene amasokoneza ambiri, choncho tiyeni tiwamasule.

Akalemba kuti smart casual, ndiye kuti valani bwino koma momasuka. Bambo avale buluku wansalu wosita bwino, malaya a kolala ndi nsapato zotseka. Tayi siikakamizidwa, ndipo jekete ndi kufuna kwanu. Mayi avale diresi labwino, kapena siketi ndi bulauzi. M'malesitilanti ambiri apamwamba a m'mizinda yathu, kavalidwe kameneka n'kokwanira pamene palibe mwambo wapadera.

Akalemba kuti formal, business attire kapena lounge suit, bambo avale suti ya mtundu wodera, malaya oyera kapena otuwira ndi tayi. Mayi avale diresi lalitali bwino, suti ya amayi, kapena chovala cha chitenje chosokedwa mwaluso.

Akalemba kuti black tie, ndiye mwambo ndi waukulu ndithu. Kavalidwe kameneka kanayambira ku Britain m'zaka za m'ma 1800, pamene anthu olemera ankasintha zovala madzulo asanakhale pa tebulo. Bambo amavala jekete lakuda la mtundu wapadera, malaya oyera ndi katayi kakuda kooneka ngati gulugufe. Mayi amavala diresi lofika m'mapazi. Ambiri a ife tilibe jekete lotere, ndipo palibe chifukwa choligulira. Suti yakuda kapena ya buluu wodera, malaya oyera ndi tayi yakuda yopanda maluwa zimalandiridwa bwino pa miyambo yambiri yotere kuno kwathu.

Akalemba kuti traditional kapena national wear, ndiye akutiitana kuti tivale zakwathu, makamaka zosokedwa ndi chitenje. Makhadi ena amatchulanso mtundu, monga wakuda ndi wagolide. Sikuti mugule chovala chatsopano cha mtunduwo kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Duku, tayi kapena kansalu ka m'thumba la jekete ka mtunduwo n'zokwanira kusonyeza kuti mwalemekeza pempho la eni mwambo.

Pamene khadi silinanene chilichonse, kumbukirani kuti kuvala mopitirira pang'ono n'kwabwino kusiyana ndi kuperewera. Tayi mutha kuivula n'kuiika m'thumba, koma simungaitenge kulikonse ngati munaisiya kunyumba. Pali zinthu zina zimene ndi bwino kungozisiya: kabudula, patapata, chipewa cha kapu, zovala zochitira masewera, ndi jezi ya timu yanu, kaya ndinu a Bullets kapena a Wanderers. Nsalu ya chipani nayonso itsale. Pa tebulo lotere pamakhala anthu a maganizo osiyanasiyana, ndipo si bwino kuti chovala chanu chiyambitse mkangano chakudya chisanafike.

Malo ndi nyengo

Dziko lathu ndi laling'ono koma nyengo zake n'zosiyana kwambiri, ndipo chovala chimene chingakukomereni malo ena chingakuzunzeni kwina.

Mu mzinda wa Blantyre muli mahotela monga Ryalls, imene yakhalapo kuyambira m'zaka za m'ma 1920, Mount Soche ndi Amaryllis. Mzindawu uli pamtunda, ndipo kuyambira mwezi wa May mpaka August kumazizira madzulo, makamaka kukachita chiperoni. Ku Lilongwe nakonso, kumene kuli Sunbird Capital, President Hotel ndi malo ena, usiku wa June ndi July umakhala wozizira zedi. Mukaitanidwa ku Ku Chawe pamwamba pa phiri la Zomba, kapena ku malo odyera a m'minda ya tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje, musanyengedwe ndi dzuwa la masana. Tengani chofunda. Mayi angatenge mpango waukulu wofunda m'mapewa kapena kajekete kogwirizana ndi diresi, osati juzi yakale ya kumunda imene ingabise chovala chonse.

M'miyezi ya October ndi November zinthu zimatembenuka. Suti yolemera ya mapisi atatu imasanduka chilango. Nthawi imeneyi sankhani nsalu ya thonje, chifukwa imamwa thukuta ndipo imalola mpweya kudutsa. Nsalu zoterera za nayiloni ndi poliyesita zimasunga kutentha ndi fungo la thukuta, ndipo kwa ena zimayambitsa nsungu ndi kuyabwa m'khwapa ndi m'mphechepeche. Koma dziwaninso kuti zipinda zambiri zodyeramo zili ndi makina oziziritsa mpweya, choncho ngakhale kunja kukutentha, kansalu kofunda m'mapewa kamathandiza, makamaka kwa achikulire.

Ku mahotela a kunyanja, ku Mangochi, ku Senga Bay ku Salima kapena ku Nkhata Bay, kavalidwe kamakhala komasukirapo, ndipo kawirikawiri anthu amadyera panja. Apa mdani ndi udzudzu. Udzudzu wofalitsa malungo umaluma kuyambira madzulo mpaka m'bandakucha, nthawi yomweyo imene inu mwakhala phee pa tebulo, miyendo ili kunsi kwa mdima. Valani malaya a manja aatali, buluku kapena diresi lofika m'mapazi, sokosi, ndi mitundu yowala. Pakani mankhwala othamangitsa udzudzu m'akakolo ndi m'mikono, makamaka ngati ndinu oyembekezera kapena mwatenga ana.

Ganiziraninso za ulendo. Si tonse tidzafika pa galimoto yathuyathu. Ngati mukukwera minibasi kapena kabaza, mangani chitenje pamwamba pa diresi kuti fumbi ndi matope zisalifike, ndipo nsapato zabwinozo muziike m'chikwama kuti mukavale mukayandikira. Bambo apinde jekete mwaulemu, mkati mukhale kunja, n'kulinyamula pamkono. M'dzinja, ambulera ndi mbali ya chovala.

Kwa abambo

Chimene chimakongoletsa suti si mtengo wake koma kukukwanani kwake. Suti ya pa kaunjika yokukwanani bwino imaposa ya m'sitolo yaikulu imene mapewa ake akulendewera. Imani pa galasi n'kuona zinthu izi. Msoko wa phewa uthere pamene phewa lanu lathera. Mkono wa jekete ufike pa mfundo ya dzanja, ndipo malaya aonekere pang'ono, pafupifupi sentimita imodzi. Buluku angokhudza nsapato, asakwakwe pansi kapena kusiya akakolo pamtunda. Mukamanga batani la kolala, zala ziwiri zizitha kulowa pakati pa khosi ndi kolala. Nsonga ya tayi ifike pa chitsulo cha lamba.

Pa jekete la mabatani awiri mumamanga lam'mwamba lokha, ndipo mukamakhala pansi mumalimasula. Lamba afanane mtundu ndi nsapato. Sokosi zikhale zodera ndi zazitali, kuti mukakhala pansi mwendo usaonekere. Matumba musawadzaze ndi makiyi, mafoni awiri ndi chikwama chotupa ndi malisiti. Chipewa chimavulidwa polowa.

Ngati mulibe suti, musataye mtima. Buluku wodera, malaya oyera osita bwino ndi nsapato zopolisha ndi kavalidwe kolemekezeka pa malo ambiri. Malaya a chitenje osokedwa bwino nawonso ndi ovomerezeka. Ambiri tikukumbukira Dr. Kamuzu Banda ndi suti yake ya mapisi atatu ndi chipewa, ndipo mwina n'chifukwa chake m'badwo wathu unakula ukuganiza kuti ulemu wa mwamuna uli mu suti basi. Komatu Nelson Mandela ankakumana ndi atsogoleri a mayiko atavala malaya amaluwamaluwa a manja aatali, opanda tayi, ndipo Kenneth Kaunda wa ku Zambia ankadziwika ndi suti yake yosafuna tayi imene mpaka lero imatchedwa ndi dzina lake. Palibe amene anawayesa osadzilemekeza.

Kwa amayi

Amayi ali ndi mwayi umene nthawi zina sauona. Chitenje chosokedwa bwino chimalowa paliponse. Mayi Joyce Banda, amene anali mtsogoleri wa dziko lino kuyambira 2012 mpaka 2014, ankayenda m'mayiko akunja ndi kukhala pa matebulo a atsogoleri anzawo atavala zosokedwa ndi nsalu zamaluwa zoterezi, duku lili kumutu. Chovala chimene munasoketsa pa ukwati wa mwana wa achimwene anu chaka chatha chikhoza kukhala yankho la funso lonseli.

Kusiyana kuli pa nsalu ndi kasokedwe. Chitenje chomanga m'chiuno pamwamba pa siketi, monga timachitira kumaliro kapena kumsika, si chimene tikunena. Tikunena diresi, kapena siketi ndi bulauzi, zoyezedwa pa thupi lanu. Sankhani nsalu yosasuluka, yopanda nkhope ya munthu, dzina la bungwe kapena uthenga wa kampeni. Ngati nsaluyo ili ndi maluwa ambiri, nsapato ndi chikwama zikhale za mtundu umodzi wosalongolola.

Chovala cha pa chakudya chimayesedwa mutakhala pansi, osati mutaimirira. Pafupifupi usiku wonse mudzakhala pa mpando. Choncho valani chovalacho kunyumba, khalani pa mpando, weramirani kutsogolo ngati mukutenga mbale, kwezani manja, kenako imiriraninso. Ngati siketi ikukwera moti muyenera kumaikoka, ngati pachifuwa pakutseguka mukawerama, ngati mabatani akukokana, chovalacho chidzakusowetsani mtendere. Imaninso pakhomo pamene kuwala kukuchokera kumbuyo, ndipo mnzanu akuuzeni ngati nsaluyo ikuonekera mkati. Manja a diresi otambalala kwambiri amagwera mu supu. Duku lalitali kwambiri limatchinga amene ali kumbuyo ngati pali zolankhula. Chikwama chikhale chaching'ono, chokwana pa miyendo kapena kumbuyo kwa mpando, chifukwa pa tebulo si malo ake.

Amene tili ndi zaka za m'ma 40 kupita m'tsogolo tinakula nthawi imene boma ndilo linkasankhira amayi zovala. Lamulo la kavalidwe la 1973 linkaletsa amayi kuvala mathalauzi ndi masiketi osaphimba mawondo, ndipo linathetsedwa pambuyo pa referendamu ya 1993. Lero palibe wapolisi amene adzayeze siketi yanu pakhomo pa hotela. Udindo wosankha unabwerera kwa mwini thupi ndi chikumbumtima chake. Ichi n'chifukwa chake ndi bwino kuti nkhani zimenezi tizikambirana ndi ana athu aakazi ndi aamuna modekha, powafotokozera zifukwa, osati kungowaopseza.

Kodi popanda ndolo ndi mikanda tidzaoneka bwanji?

Funso ili limabwera makamaka kwa alongo achitsikana amene angoyamba ntchito. Pa phwando la kampani, anzawo onse amanyezimira ndi ndolo, maunyolo ndi zibangili, ndipo iwo amaopa kuti adzaoneka ngati sanamalize kuvala. Chiphunzitso cha mpingo wathu pa khalidwe la Mkhristu, chimene ndi cha nambala 22 pa zikhulupiriro zathu 28, chimatilimbikitsa kuvala mosadzionetsera, mwaulemu ndi mwaudongo. Pamfundo imeneyi chikhulupiriro ndi luso la kavalidwe zimagwirizana kuposa mmene ambiri amaganizira. Pa malo apamwamba, amene amaoneka bwino si amene wasenza zonyezimira zambiri, koma amene chovala chake chili chaukhondo, chomukwana ndi cha mitundu yogwirizana. Kolala yosokedwa mwaluso, mpango wabwino, tsitsi lokonzedwa, zikhadabo zoyera ndi nkhope yosangalala zimakwaniritsa zimene ena amafuna kukwaniritsa ndi golide.

Koma kusadzionetsera si usiwa kapena uve. Kufika pa mwambo wa mnzanu ndi malaya amakwinya, kolala yakuda ndi nsapato zafumbi, n'kumati ife sitisamala za dziko, si kudzichepetsa. Ndi kunyoza amene wawononga ndalama zake kuti akulemekezeni. Ubwino wake ngwakuti pafupifupi banja lililonse la Chiadventisti lili kale ndi zovala zabwino za pa Sabata, ndipo timadziwa kuzichapa ndi kuzisita nthawi ikadalipo. Zovala zimenezo, kapena zofanana nazo, n'zokwanira pa malo ambiri amene tatchula. Yunifolomu ya Dorika, ya kwaya kapena ya Master Guide yokha ndiyo itsale, chifukwa ili ndi ntchito yakeyake.

Thupi lanu likhale pa mtendere

Nsapato ndizo zimawononga madzulo ambiri. Musavale nsapato yatsopano kwa nthawi yoyamba pa tsiku la mwambo. Iyendereni m'nyumba masiku angapo kuti ifewe. Pogula, yesani madzulo, chifukwa mapazi amatupa pang'ono tsiku likamapita, ndipo yesani mapazi onse awiri mutavala sokosi zimene mudzavale. Pakati pa chala chachitali ndi nsonga ya nsapato pazitsala mpata wokwana chala chachikulu cha kumanja. Gogoda wamtali amakankhira kulemera kwa thupi lonse ku zala, amatopetsa msana ndi mawondo, ndipo pa matailosi oterera kapena pa kapinga n'kosavuta kubinya mwendo. Chidendene chachifupi ndi chachikulu chimakongola chimodzimodzi, ndipo mudzayenda nacho mosaopa.

Kwa odwala matenda a shuga, iyi si nkhani ya kukongola chabe. Matendawa amatha kuchititsa dzanzi m'mapazi, moti nsapato ingakutupuleni osamva kanthu, ndipo thuza laling'ono limasanduka bala lovuta kupola. Valani nsapato zimene munazizolowera, gwedezani mkati musanavale kuti mutsimikize kuti mulibe kamwala, ndipo mukabwerako yang'anani mapazi anu musanagone.

Chachiwiri ndi m'mimba. Chakudya cha ku malo otere chimabwera pang'onopang'ono, mbale ina pambuyo pa inzake, ndipo mukhoza kukhala pa tebulo maola awiri kapena atatu. Lamba wothina, siketi yomanga m'chiuno ndi zovala zamkati zofinya mimba kuti ioneke yaing'ono zimakankhira chakudya ndi asidi m'mwamba, n'kuyambitsa chilungulira. Amene amavutika kale ndi kutentha kwa pamtima amadziwa ululu wake. Kolala ndi tayi zothina nazo zimasowetsa mtendere. Chovala chizikusiyirani malo opumira ndi odyera.

Chachitatu ndi fungo. Kusamba, kutsuka m'kamwa ndi kuvala zochapa n'zimene zimachotsa fungo la thupi. Mafuta onunkhira ongothira pamwamba pa thukuta amangoonjezera vuto. Ndipo m'chipinda chotseka, perefyumu wamphamvu amatha kudzutsa mphumu kapena mutu waching'alang'ala kwa amene mwakhala naye pafupi, komanso amaphimba kafungo kabwino ka chakudya chimene ophika avutikira. Ngati mukudzola, dzolani pang'ono kwambiri.

Ganiziraninso za madontho. Supu ya matimati, bitiruti ndi zakudya zothira kale zimaonekera kwambiri pa nsalu yoyera. Kansalu kopinda kamene mudzakapeze pa tebulo ndi koyala pa miyendo. Chikakudontherani, musapikitche, chifukwa dontho limafalikira. Ingogunditsani kansaluko mutakanyowetsa ndi madzi ozizira, zina mukaonere kunyumba.

Thumba lanu likhale pa mtendere

Kuchokera pamene ndalama ya kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, zovala zakwera mtengo, ngakhale za pa kaunjika zomwe. N'chifukwa chake tikuti yambani ndi zimene muli nazo. Tulutsani zovala zanu zabwino sabata imodzi mwambo usanafike, ndipo muziyese. Kawirikawiri chimene chikusowa ndi chaching'ono: batani, zipi, mpendero womasuka, kapena m'chiuno mofunika kubweza kapena kukuza. Telala wa pamsika amakonza zimenezi pa mtengo wochepa kwambiri poyerekeza ndi kugula chatsopano. Ngati mukusoketsa, mupatseni nthawi yokwanira, ndipo mumuuze tsiku loyambirira kuposa lenileni, kuti mukhale ndi mpata woyesa ndi kukonzanso.

Ngati n'kofunikadi kugula, gulani chimene mudzachivalenso kutchalitchi, ku ukwati ndi kuntchito. Jekete la buluu wodera kapena lotuwa, siketi yakuda yabwino ndi nsapato zakuda zachikopa zimatumikira zaka zambiri. Diresi lonyezimira la fashoni ya chaka chino limavalidwa kamodzi n'kukagona m'sutikesi.

Kaunjika alibe manyazi, koma amafuna ukhondo. Musavale chovala chochokera pa mulu musanachichape. Mphere ndi nsabwe zimatha kuyenda ndi zovala. Chapani ndi madzi otentha ngati nsaluyo ikulola, yanikani pa chingwe padzuwa, ndipo sitani mbali zonse ziwiri, makamaka m'misoko. Chimene sichichapika, monga jekete la suti, chimangeni m'pepala la pulasitiki kwa masiku osachepera atatu, kenako muchiyanike ndi kuchisita mutayala kansalu konyowa pamwamba kuti chisanyezimire. Kusita kumaphanso mazira a ntchentche ija imene imaikira pa zovala zonyowa zoyanikidwa pansi kapena pamthunzi, mphutsi zake n'kulowa pakhungu. Sitani dzulo lake, chifukwa magetsi amatha kuzima pa ola limene mukuwafuna. Ngati mukugwiritsa ntchito simbi ya makala, ipukuteni kunsi ndipo muyambe mwayesa pa nsalu ina.

Kubwereka kwa m'bale kapena mnzanu wapamtima si kulakwa, bola chikukwaneni, ndipo muchibweze msanga chili chochapa. Komabe nsalu yobwereka siithetsa usiwa. Ngati ntchito yanu ikuchititsani kuitanidwa kawirikawiri, sungani pang'onopang'ono mpaka mukhale ndi chovala chimodzi chabwino chanuchanu. Chimene tikukana ndi ngongole ya chiwongoladzanja, kapena kudya ndalama ya fizi ndi ya feteleza, chifukwa cha maola atatu. Anthu amene mukufuna kuwagometsawo sadzakumbukira n'komwe mtundu wa nsapato zanu pofika Lolemba.

Mawu kwa oitana

Ana athu amene mwadalitsika ndipo mukufuna kutengera makolo ku malo otere, udindo wina ndi wanu. Auzeni nthawi ikadalipo, ndipo muwafotokozere bwino za malowo. Musangoti valani bwino, chifukwa mawu amenewo amaopsa munthu amene sanalowepo mu hotela. Nenani kuti, amayi, diresi lanu lobiriwira lija ndi labwino, kapena, bambo, jekete lanu la pa Sabata likwanira. Ngati mukufuna kuwagulira chatsopano, apatseni mwayi wosankha okha. Ndipo akafika atavala mosiyana ndi mmene munkaganizira, musawakonzekonze pamaso pa anthu. Mwawaitana kuti muwalemekeze.

Mukafika

Konzekani msanga kuti musafike mukuthamanga ndi thukuta. Mukalowa, pitani kaye ku chipinda chosambira m'manja, mudziyang'ane pa galasi kamodzi, pukutani nsapato, sambani m'manja, basi. Kuchokera apo, za zovala zatha.

Zikhoza kuchitika kuti mwayesetsa zonse koma mwapeza anzanu avala mosiyana ndi inu. Musayambe kupepesa kwa aliyense kapena kubisala pakona. Anthu ambiri amakhala akuganiza za maonekedwe awo, osati anu. Khalani mowongoka, perekani moni, thokozani operekera zakudya, funsani mwaulemu zimene zili m'mbale ndi m'tambula ngati simukuzidziwa, ndipo mvetserani amene mwakhala naye pafupi. Mukaona wina amene akuoneka womangika chifukwa cha zimene wavala, inuyo mukhale oyamba kumuyankhula ndi kumusunthira mpando. Pobwerera kunyumba, vulani nsapato, yanikani jekete kuti lipitidwe mphepo, ndipo m'mawa mwake mutumize uthenga wothokoza kwa amene anakuitanani.